Chikhadabo cha Mwamuna ndi Chikhadabo cha Mkazi: Chilengedwe Kapena Magawidwe a Ntchito?

Matenda a mafangasi a m'zikhadabo amayamba pamene tizilombo ta mtundu umodzi ndi bowa, nkhungu ndi yisiti talowa pansi pa chikhadabo kapena m'kati mwake n'kuyamba kudya keratini, chinthu cholimba chimene chimapanga zikhadabo, tsitsi ndi khungu lapamwamba. Chikhadabo chimasintha mtundu n'kukhala chachikasu, chotuwa kapena choderako. Chimakhuthala, chimanyenyeka m'mphepete, ndipo nthawi zina chimakanganuka pamnofu. Madokotala amawatcha onychomycosis, ndipo pafupifupi theka la mavuto a zikhadabo amene anthu amapita nawo kuchipatala ndi omwewa. Ana sawadwala kawirikawiri. Chiwerengero chimene mabuku a zachipatala amatchula, chochokera makamaka ku Ulaya ndi ku North America, n'chakuti munthu mmodzi mwa 10 alionse ali nawo, mwa opitirira zaka 60 mmodzi mwa asanu, ndipo mwa opitirira zaka 70 pafupifupi theka.

Matendawa sagwira amuna ndi akazi mofanana. Akawerengedwa onse pamodzi, amuna odwala ndiwo amachuluka, ndipo awo amakhala kuphazi, makamaka pachala chachikulu. Koma akawerengedwa a kumanja okha, akazi ndiwo amachuluka, ndipo kachilombo kake nthawi zambiri kamakhala kena. Kusiyana kumeneku n'kwakung'ono poyerekeza ndi nkhani zikuluzikulu zimene anthu amakangana pa za amuna ndi akazi, komabe kumadzutsa mafunso awiri akale kwambiri. Loyamba: thupi la mwamuna likamadwala mosiyana ndi la mkazi, kodi kusiyanako kunalengedwa, kapena kunadza ndi mmene anthu anagawirana ntchito ndi zovala? Lachiwiri: kodi chiwalo chodwala chimanena kanthu za ukhondo kapena mlandu wa mwini wake? Chikhadabo n'chothandiza pofufuza mafunsowa chifukwa magwero a matenda ake amadziwika bwino, ndipo palibe amene amachiyesa chiwalo chaumuna kapena chaukazi.

Kwa amuna ambiri, vuto limayambira pakhungu. Mafangasi okonda keratini, amene wamkulu wake ndi Trichophyton rubrum, amayamba akhazikika pakati pa zala za kuphazi n'kuyambitsa linyetsu, kunyowa, kuyabwa ndi kung'ambika kwa khungu kuja. Kuchokera pamenepo amakwawa n'kulowa kunsonga kwa chikhadabo, makamaka chimene chinaphwanyidwapo ndi mwala, mpira kapena nsapato yothina. Chikhadabo cha kuphazi chimakula pang'onopang'ono, pafupifupi milimita imodzi pamwezi, pamene cha kumanja chimakula pafupifupi mamilimita atatu. Cha kumanja chimatha kukankhira kachilomboko kunja kasanazike mizu. Cha kuphazi chimachedwa, ndipo munthu akamakalamba chimachedwerachedwera. Kuti mafangasi akule amafuna malo ofunda, achinyezi ndi amdima, monga mmene chimanga chosungidwa chisanaumitsitse chimachitira chuku, ndipo nsapato yotseka yovalidwa kuyambira m'bandakucha mpaka usiku imawapatsa zonsezi.

Mbiri ya kachilomboka ndi mbiri ya nsapato ndi ya malo amene amuna amasambira pamodzi. Trichophyton rubrum anafotokozedwa koyamba mu 1910 ndi dokotala wa ku Italy, Aldo Castellani, pamene ankagwira ntchito ku Ceylon, dziko limene lero ndi Sri Lanka. Pakati pa anthu oyenda opanda nsapato, linyetsu la mtundu umenewu linali losowa. Linafalikira m'zaka za m'ma 1900 limodzi ndi asilikali a nkhondo ziwiri zikuluzikulu za dziko lonse, ogwira ntchito m'migodi ndi ochita masewera. Kafukufuku wofalitsidwa mu 1957 ku Britain ndi Gentles ndi Holmes anapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa asanu alionse okumba malasha anali ndi mafangasi kumapazi, ndipo mabafa a pamgodi ndiwo ankawafalitsa. Mabafawo anamangidwa pofuna kuti amuna azibwerera kunyumba ali aukhondo. Amuna a ku Malawi, Mozambique ndi Zambia amene ankapita kumigodi ya ku Joni kudzera mwa Wenela ankalowa m'moyo wa mtundu womwewo: nsapato za jombo tsiku lonse m'kutentha kwa pansi pa nthaka, kenako bafa limodzi la pakomponi lopondamo anthu mazanamazana.

Za akazi zimayenda njira ina. Kutsinde kwa chikhadabo chilichonse kuli kakhungu kopyapyala kamene kamamatira chikhadabo ndi mnofu n'kutseka mpata kuti madzi ndi tizilombo zisalowe. Dzanja lokhala m'madzi ndi m'sopo maola ambiri tsiku lililonse, kutsuka mbale, kuchapa matewera, kukolopa, kutsuka mphale, kutumbula nsomba, limafewetsa kakhunguko mpaka kamatha. Mpata ukatseguka, mnofu wozungulira chikhadabo umatupa, umafiira, umapweteka ukakhudzidwa, ndipo nthawi zina umatulutsa timafinya. Mu mpata umenewo mumakhazikika Candida, mtundu wa yisiti umene anthu ambiri athanzi amakhala nawo kale m'kamwa, m'matumbo ndi pakhungu popanda vuto lililonse. Chikhadabo chimene chimamera kuchokera kutsinde lotupa chimatuluka chamizeremizere ndi choderako m'mbali. Dzanja limene munthu amagwiritsa ntchito kwambiri ndilo limayamba, ndipo zala zimene zimavutika kwambiri ndi chachikulu, cha mkombaphala ndi chapakati.

Kwa nthawi yaitali madokotala ankaona ngati Candida ndiye gwero la kutupaku. Mu 2002 Antonella Tosti ndi anzake a ku Bologna anafalitsa zotsatira za kuyerekeza mankhwala opaka ochepetsa kutupa ndi mapiritsi opha mafangasi pa odwala otere, ndipo opakawo ndiwo anachiritsa ambiri. Lero akatswiri a khungu ambiri amati chiyambi chake ndi kuwonongeka kwa khungu chifukwa cha madzi, sopo ndi zakudya zaziwisi, ndipo yisiti amangopeza khomo lotseguka kale. Pali njira inanso yofala m'matauni: kusaluni amadula kapena kukankhira m'mbuyo kakhungu kotseka kaja kuti utoto ukhale bwino, amagwiritsa ntchito zida zimodzi pa anthu ambiri, ndipo zikhadabo zomatira zimasunga chinyezi pansi pake. Nsapato zazitali zosongoka kutsogolo zimafinya chala chachikulu n'kuvulaza chikhadabo chake, ndipo mkazi wozivala tsiku ndi tsiku amatsegukira matenda aja amene amayesedwa a amuna. M'madera otentha palinso nkhungu za m'nthaka ndi m'zomera, monga Neoscytalidium dimidiatum ndi Fusarium, zimene zimalowa m'zikhadabo za aliyense wolima m'matope opanda nsapato, ndipo zimenezi sizisankha.

Ngakhale kuwerenga kwenikweniko kuli ndi msampha wake. Ofufuza akapita kukayeza mapazi a anthu wamba m'mudzi, kuntchito kapena kwa dokotala amene anthu anapitako ndi matenda ena, amuna ndiwo amapezeka ochuluka. Koma m'mabuku a zipatala za khungu za mayiko angapo, akazi ndiwo amachuluka, chifukwa ndiwo amapita kukadandaula za chikhadabo. Dzanja limaoneka popereka moni, pogulitsa malonda ndi pogawa chakudya. Phazi la mwamuna limabisika m'sokosi, ndipo mwini wake akhoza kukhala nalo zaka 20 akuliyesa chizindikiro cha ukalamba chabe. Wongodalira mabuku a kuchipatala angati awa ndi matenda a akazi, pamene wongoyang'ana mapazi angati ndi a amuna. Aliyense waona mbali imene manyazi kapena kusalabadira kunamulola kuona.

Amene amati kusiyanaku n'kwachibadwa ali ndi mfundo zoyenera kuzimva. M'labotale, homoni ya progesterone, imene imachuluka m'thupi la mkazi wa msinkhu wobereka, imachedwetsa kukula kwa mafangasi a mtundu wa Trichophyton. Homoni ya oestrogen imathandiza Candida kukula, n'chifukwa chake kuyabwa kwa kumaliseche kumene amayambitsa kumachuluka mkazi akakhala woyembekezera. Amuna ambiri amatuluka thukuta lochuluka kuposa akazi. Zipere za m'mutu zimaonetsanso kuti kusintha kwa m'thupi kuli ndi mphamvu: zimavutitsa ana, n'kuchepa munthu akatha msinkhu chifukwa mafuta a pakhungu la m'mutu amasintha, ndipo mwa akuluakulu zimapezeka kwambiri mwa amayi amene anasiya kusamba. Munthu woona mtima sangakane kuti thupi lili ndi gawo lake.

Komatu gawolo ndi laling'ono kuposa mmene limamvekera. Zimene homoni imachita kwa kachilombo m'mbale ya m'labotale si umboni wa zimene imachita m'chikhadabo, chimene chilibe mitsempha ya magazi. Chibadwa chimene chinaoneka bwino m'mabanja sichitsata umuna kapena ukazi: mu 1996 Nardo Zaias ndi anzake anaonetsa kuti kugwidwa mosavuta ndi Trichophyton rubrum kumayenda m'magazi kuchokera kwa bambo kapena mayi kupita kwa mwana wamwamuna kapena wamkazi, ndipo okwatira kapena okwatiwa m'mabanja otere ambiri sankadwala ngakhale ankaponda pansi pamodzi. Umboni waukulu koposa umaoneka ntchito zikasinthana. Mwamuna wotsuka mbale mulesitilanti, wogulitsa mowa pabala, wophika buledi kapena wotsuka magalimoto amatupa zala mofanana ndi mayi wa pakhomo, moti mabuku a matenda a khungu amaika ntchito zimenezi pamndandanda umodzi ndi ntchito ya panyumba. Mkazi wa usilikali, wa upolisi kapena wosewera mpira amadwala linyetsu ndi chikhadabo cha kuphazi ngati anzake aamuna. Matenda amatsata madzi ndi nsapato kulikonse kumene zapita.

Bernardino Ramazzini, dokotala wa ku Modena, anazindikira zimenezi mu 1700 m'buku lake la matenda a anthu ogwira ntchito, limene lili ndi mutu wonse wonena za amayi ochapa zovala ndi manja awo ong'ambika. Iye analangiza kuti pa mafunso amene dokotala amafunsa wodwala awonjezerepo limodzi, lofuna kudziwa ntchito imene munthuyo amagwira. Mu 1869 John Stuart Mill anaika mfundo yomweyo pa nkhani ya amuna ndi akazi: palibe amene angadziwe chibadwa chenicheni cha akazi kapena cha amuna malinga ngati anangowaona m'moyo umene mwambo unawakonzera, chifukwa chimene chikutchedwa chibadwa chingakhale chipatso cha moyowo. Chikhadabo chimaonetsa mmene kusokonezekaku kumachitikira. Mwambo umapereka beseni kwa mtsikana ndi jombo kwa mnyamata. Patapita zaka 30 beseni ndi jombo zija zimasiya chizindikiro m'thupi. Woona chizindikirocho amati matupi a amuna ndi akazi anawalenga choncho. Kulakwitsa kwake n'kosavuta kukugwira pa chikhadabo chifukwa palibe amene ali ndi phindu pokuteteza. Pa nkhani zazikulu, monga nzeru, kupirira kapena utsogoleri, kulakwitsa komweko kumabisika bwino, popeza pali ambiri amene kumawapindulira.

Anthu opembedza ena amayankha kuti ngakhale zili choncho, magawidwe a ntchitowo ndi a Mulungu, kotero zotsatira zake n'zoyenera kuzilandira. Mfundoyi imafuna umboni umene malemba sapereka. Chaputala 3 cha Genesis chimanena za zowawa za kubala ndi za thukuta la kumunda, koma za amene ayenera kutsuka mbale mulibe. Ntchito ya m'madzi yonyozeka kwambiri m'nthawi ya Baibulo inali kusambitsa mapazi a alendo, imene inkasiyidwira akapolo ndi akazi, ndipo mu Yohane 13 Yesu anaitenga yekha, beseni ndi nsalu yopukutira yomwe. M'Chisilamu, hadisi ya m'buku la Bukhari imati Aisha, mkazi wa Mtumiki Muhammad, atafunsidwa zimene Mtumikiyo ankachita akakhala kunyumba, anayankha kuti ankathandiza banja lake pa ntchito za pakhomo. Chikhulupiriro chakuti Mulungu analenga mwamuna ndi mkazi sichikakamiza munthu kukhulupirira kuti ndandanda ya ntchito za pakhomo ya mudzi wake inalengedwa tsiku lomwelo. Ndipo ngakhale zitatsimikizika kuti homoni ili ndi gawo lalikulu, zimenezo zingangofotokoza amene amadwala msanga, osati amene ayenera kuviika manja m'madzi.

Funso lachiwiri, la ukhondo, limalemera kwambiri pa mkazi. Chikhadabo chakuda ndi chonyenyeka pa dzanja loomola nsima anthu amachiona ngati umve. Mayi wogulitsa mandasi kapena zitumbuwa akhoza kutaya makasitomala, mtsikana wantchito akhoza kuchotsedwa, mkamwana akhoza kunenedwa ndi apongozi ake. Chomvetsa chisoni n'chakuti dzanjalo linadwala chifukwa chotsuka, ndipo mankhwala amene manyazi amamupatsa, kusamba m'manja kowirikiza ndi sopo wamphamvu kapena kubisa chikhadabocho ndi utoto, amangowonjezera vutolo. Komanso kutupa kwa mtundu umenewu si matenda amene munthu amatengera m'chakudya, popeza anthu ambiri ali naye kale Candida m'kamwa mwawo. Mary Douglas, amene anachita kafukufuku pakati pa anthu a mtundu wa Lele ku Kasai, anaphunzitsa m'buku lake la 1966 kuti chimene anthu amachitcha chodetsa si nthawi zonse chimene chimapatsira matenda. Ndi chinthu chimene chili pamalo pamene mwambo sunachiyembekezere. Chikhadabo chokhuthala pa phazi la bambo wachikulire chili pamalo pamene anthu anachizolowera, n'chifukwa chake sachinena, ngakhale kuti n'chimene chimagwetsa tizidutswa ta mafangasi m'bafa ndi pamphasa pamene ana amaponda. Kunyansidwa kwa anthu kumagwera dzanja losaopsa n'kulambalala phazi lopatsira.

Malamulo a Levitiko 13 ndi 14 amasiyanitsa zinthu zimene owerenga ambiri amazisakaniza. Nthenda imene Mabaibulo a Chichewa amaitcha khate inkagwira khungu, zovala ndi makoma a nyumba, ndipo zina mwa zizindikiro zake zimafanana ndi nkhungu. Wansembe ankayang'ana, n'kupatula munthuyo masiku 7, n'kuyang'ananso. Lamulolo silifunsa tchimo limene wodwalayo anachita. Nsembe yoyeretsa imene ankapereka akachira ndi ya mtundu womwewo umene mayi ankapereka atabereka mwana, ndipo kubereka sikunali mlandu. N'zoona kuti nkhani za Miriamu, Gehazi ndi mfumu Uziya zimaonetsa nthenda ya pakhungu ngati chilango, ndipo nkhani zimenezi ndizo zinakhazikika m'maganizo a anthu. Koma buku lonse la Yobu limatsutsa abwenzi amene anaona zilonda n'kugamula mlandu, ndipo mu Yohane 9, ophunzira atafunsa amene anachimwa kuti munthu abadwe wosaona, Yesu anakana mayankho onse awiri amene anamupatsa.

Chisilamu chimaonetsa mbali ina ya nkhaniyi. Kuwenga zikhadabo ndi limodzi mwa makhalidwe a ukhondo amene Mtumiki anaphunzitsa, ndipo hadisi ya m'buku la Muslim imati zisasiyidwe kupitirira masiku 40. Wudhu, kusamba kwa pokonzekera swala, kumaphatikizapo mapazi mpaka mu akakolo. Komabe kafukufuku wofalitsidwa mu 1998 wa amuna opita kumizikiti ku Durban anapeza linyetsu ndi matenda a zikhadabo za kuphazi ochuluka kwambiri kuposa a anthu ena amene anawayerekeza nawo. Gwero lake silinali kusambako pakokha koma malo onyowa opondapo anthu ambiri opanda nsapato, makapeti, ndi kubweza phazi m'nsapato pakati pa zala pasanaume. Amuna amenewa anali m'gulu la anthu osamba mapazi kawirikawiri kuposa ena onse mumzindawo. Kuyera pamaso pa Mulungu, ukhondo wa sopo ndi madzi, ndi kusakhala ndi mafangasi ndi zinthu zitatu zosiyana, ndipo munthu akhoza kukhala ndi ziwiri zoyambazo n'kusowa chachitatu.

Maganizo a makolo a Achewa ankagawa matenda m'magulu. Panali matenda a Mulungu, amene amangobwera monga chimfine popanda wolakwa. Panali obwera ndi ufiti, ndipo chikhulupiriro chakuti zikhadabo zowengedwa ndi tsitsi lometedwa zingagwiritsidwe ntchito polodza munthu chidakalipo. Panalinso mdulo, wobwera chifukwa cha kuswa mwambo. Kaya munthu amakhulupirira mdulo kapena ayi, ganizo lake lili ndi chinthu chimodzi chofunika: wodwala nthawi zambiri sakhala wolakwayo. Mwana amatupa chifukwa cha zochita za kholo, mkazi amadwala chifukwa cha mayendedwe a mwamuna wake. Thupi la mmodzi limasenza khalidwe la pakhomo ponse. Zala zotupa za mayi zimalowa bwino m'kaonedwe kameneka kuposa m'magulu ena awiri aja. Palibe amene anamulodza kapena kumufunira zoipa, koma sizinangogwanso kuchokera kumwamba. Zinachokera m'zizolowezi za anthu okondana amene sanafunsepo chifukwa chake manja a munthu mmodzi ndiwo amakhala m'madzi nthawi zonse. Choipa chopanda wochichita mwadala chotere n'chovuta kuchiweruza, popeza palibe woti n'kumuloza chala, komabe chili ndi amene angachithetse, ndipo udindo wawo umayamba tsiku limene adziwa gwero lake.

Pali chotsutsa choyenera kuchiyankha: kodi kunena kuti zonse ndi ntchito ndi mwambo sikuchotsa udindo wa munthu pa thupi lake? Sikuchotsa. Kupukuta pakati pa zala, kusintha masokosi, kuyanika nsapato padzuwa, kuvala masilipasi m'bafa la anthu ambiri ndi kuchiza linyetsu lisanafike kuchikhadabo zili m'manja mwa munthu payekha, ndipo apa ndi pamene mwambo umalakwira amuna. Mnyamata wophunzitsidwa kuti kudandaula ndi chala n'kwachikazi amadzakhala bambo wosayang'ana mapazi ake. Kwa munthu wathanzi zotsatira zake ndi kupweteka povala nsapato basi. Kwa wodwala shuga, amene amagwidwa ndi matendawa kawiri kapena katatu kuposa ena ndipo nthawi zambiri mapazi ake samva bwino kukhudza, chikhadabo chokhuthala chimatha kucheka chala choyandikana nacho, bala n'kukula osalimva, mpaka phazi kudulidwa. Mtundu wina wa matendawa, umene umayambira kutsinde kwa chikhadabo ngati banga loyera, umapezeka kawirikawiri mwa anthu amene chitetezo cha m'thupi chatsika, ndipo umachititsa dokotala kulangiza kuyezetsa HIV. Si chikhadabo chakuda chilichonse chimene chili ndi mafangasi: banga la pansi pa chikhadabo cha kuphazi cha woimba Bob Marley, limene poyamba linayesedwa bala la mpira, linapezeka mu 1977 kuti ndi khansa ya pakhungu, ndipo inamupha mu 1981.

N'chifukwa chake chithandizo choyenera chimayamba ndi kuyeza. Dokotala amapala tizidutswa ta chikhadabo n'kutiyang'ana pamaikulosikopu, kapena kutitumiza kulabotale kumene kachilombo kamatenga milungu iwiri mpaka inayi kuti kamere n'kudziwika mtundu wake. Kwa mafangasi a kuphazi, mankhwala odalirika ndi mapiritsi a terbinafine, mamiligiramu 250 patsiku kwa milungu 12, ndipo zikhadabo za kumanja zimafuna milungu 6. Pa kuyesa kwa mankhwalawa, kachilombo kanatha mwa odwala pafupifupi 7 mwa 10 alionse, koma amene chikhadabo chawo chinabwerera mwakale kotheratu anali pafupifupi 4 mwa 10. Mapiritsiwa amatha kuvutitsa chiwindi, choncho womwa mowa kwambiri kapena wodwala chiwindi ayenera kuuza dokotala asanayambe. Ngakhale kachilombo katafa, chikhadabo cha chala chachikulu cha kuphazi chimafuna miyezi 12 mpaka 18 kuti chimere chatsopano, ndipo ambiri amataya mtima n'kuganiza kuti mankhwala sanagwire. Mankhwala opaka okha amathandiza pamene matenda ali pamwamba kapena kunsonga chabe.

Kwa akazi njira yake ili ndi zokhota zina. Terbinafine sagwira bwino Candida, amene amamva kwambiri itraconazole kapena fluconazole. Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa amalangizidwa kudikira, popeza chikhadabo sichiopseza moyo pamene ena mwa mapiritsiwa angavulaze mwana; griseofulvin, mankhwala akale amene anayamba kuperekedwa kwa anthu mu 1958, saloledwa kwa woyembekezera, ndipo mwamuna amene wawamwa amalangizidwa kuti asapereke pathupi mpaka patapita miyezi 6. Pa zala zotupa ndi madzi, gawo lalikulu la chithandizo si piritsi. Kakhungu kotseka kaja kamafuna milungu yambiri, nthawi zina miyezi, dzanja likukhala louma kuti kamerenso, ndipo chikhadabo chatsopano cha kumanja chimatenga pafupifupi miyezi 6. Madokotala amalangiza magolovesi a labala okhala ndi a thonje m'kati, chifukwa labala payekha amasunga thukuta, komanso kusiya utoto, zikhadabo zomatira ndi kudula kakhunguko. Pakhomo pamene magolovesi sangagulidwe, lamulo la dokotala lingatsatidwe pokhapokha wina wa m'banjamo atatenga mbale ndi zochapa kwa nthawi yonseyo. Matendawa amabwereranso mwa odwala pakati pa 10 ndi 50 mwa 100 alionse amene anachira, ndipo amabwerera msanga pamene linyetsu la wina wa m'nyumbamo silinachizidwe, pamene nsapato zakale zikuvalidwabe, kapena pamene dzanja labwerera m'madzi kakhungu kasanamere.